Hutala Imene Abambo Sanalize

Kwathu amanditchula kuti Wailesi. Anayambitsa ndi amayi, kenako dzina linafalikira msewu wonse, moti tsiku lina ngakhale aphunzitsi anandiitana choncho m'kalasi, ana onse n'kufa nalo phwete. Ine sindidandaula. Mulungu anandipatsa maso awiri, makutu awiri ndi pakamwa pabwinobwino, ndiye ndizisungire ndani? Koma nkhani ndikulembayi ndi ya masiku atatu amene wailesi inazima, ndipo ndikufuna anthu adziwe kuti ndinakwanitsa. Kwenikweni ndi nkhani ya abambo anga, koma poti iwo sangaifotokoze ngakhale mutawakoka lilime, ndifotokoza ndine.

Abambo anga ndi dalaivala. Amayendetsa galimoto yoyera ya kampani yoweta nkhuku, yonyamula mazira kupita nawo m'masitolo ndi m'malo odyera. Kumbuyo kwake kuli mashelefu, ndipo mathileyi a mazira amasanjikizana mpaka kudenga, atamangidwa ndi malamba. Ntchito imeneyi anayamba ine ndisanabadwe. Madalaivala anzawo amawatchula kuti Abusa. Sikuti amalalikira ayi, koma satukwana pamsewu, sathamanga, ndiponso saliza hutala. Mutha kukhala nawo m'galimoto kuyambira m'mawa mpaka madzulo, hutala osaimva, kupatula pamalo okhota pomwe sakuona kutsogolo, ndipo pamenepo amangoikhudza pang'ono ngati munthu wogogoda pakhomo pa apongozi.

Amati hutala ndi yochenjezana magalimoto okhaokha, osati yopirikitsira munthu woyenda pansi. Amati munthu ukamudzidzimutsa sudziwa kumene alumphire: wina amabwerera m'mbuyo, wina amathamangira kutsogolo, wina amangouma pomwepo ngati mbuzi yoona nyali. Ndiye lamulo lawo ndi limodzi, ndipo ndalimva kambirimbiri mpaka ndimalilota: phazi patsogolo, dzanja pambuyo. Kutanthauza kuti yamba waponda buleki, za hutala uziganize ukaima.

Ndili wamng'ono zinkandichititsa manyazi. Anzanga ankati galimoto ya abambo ako ingathe kupitiriridwa ndi wilibala. Nditakadandaula kwa amayi, anangoseka n'kunena kuti ndiwazolowere, chifukwa ngakhale kuwafunsira ukwati anawafunsira choncho, zaka ziwiri zathunthu ali m'giya yoyamba.

Muyenera kudziwa kuti msewu wathu ndi wa mahutala. Minibasi imaliza poitana anthu, imaliza popereka moni kwa minibasi inzake, imaliza ikaona mtsikana wovala bwino, imalizanso popanda chifukwa, kungoti dzanja layabwa. Pamaloboti, nyali yofiira isanazime n'komwe, wakumbuyo wayamba kale pipiii ngati wakutsogoloyo wagona. Ine ndimazindikira galimoto ndili m'bafa: iyi ndi ya bambo wokonza mafiriji, iyi ndi ya mkazi wachiwiri wa dokotala wa mano, amene amaliza katatu akamadutsa pageti pa mkazi wamkulu kuti amve kuti galimoto anagulira iye. Koma mfumu ya onse ndi a Liwiro, dalaivala mnzawo wa abambo, amene amayendetsa galimoto yachiwiri ya mazira. Iwowa ndi mlamu wawo wa abwana a kampani, ndiye amachita zimene akufuna. Anachotsa hutala imene galimoto inabwera nayo n'kuikamo ina yolira ngati sitima. Akaliza, makanda amadzuka nyumba zitatu.

Tsopano ndikuuzeni za Anti Telala, chifukwa popanda iwo nkhani palibe. Ndi mayi wachikulire, wamfupi, wa magalasi omangidwa ndi kachingwe, ndipo shopu yawo ili pakona penipeni, moyang'anana ndi sitolo ya buledi. Mayunifolomu a ana a msewu wathu onse anatuluka m'manja mwawo, madiresi a ukwati osanena. Chaka chatha sukulu itatsala pang'ono kutsegulidwa, amayi anandituma kuti ndikayese siketi yanga. Ndinapeza Anti akusokerera mabatani pamanja, makina ali chete. Foni yawo inali pashelefu kumbuyo kwawo. Inalira mpaka kuleka, n'kuyambiranso, iwo osatembenuka. Ine ndinali kumbuyo kwawo, ndikuvala kuseri kwa katani, ndiye ndinati, Anti foni. Zii. Ndinati, Anti pamsana panu pali mphemvu. Zii. Apa mtima wa wailesi unayamba kugunda. Ndinakweza mawu n'kunena kuti diresi la aneba athu, mayi a mapasa, mwalisoka ngati thumba la makala. Anti anangopitiriza kulowetsa singano m'batani.

Kenako ndinazungulira n'kuima kutsogolo kwawo, ndipo ndinangogwedeza milomo, mawu osatuluka n'komwe, kuti siketi yatalika. Anandiyankha nthawi yomweyo kuti italike choncho, ndikukula. Pamenepo m'pamene ndinaona kuti maso awo sanali pa maso anga, anali pakamwa panga. Ndinaonanso chifukwa chake anaika galasi lalikulu kutsogolo kwa makina, loyang'ana kukhomo, komanso chifukwa chake kasitomala aliyense amamuuza kuti aloze sitayilo m'buku la zithunzi m'malo mofotokoza. Anti Telala samva.

Ndinathamanga ulendo wonse wobwerera kunyumba, nkhani ikundiotcha m'kamwa ngati tiyi wamoto. Ndinaitula pa chakudya chamadzulo. Ndinkayembekezera kuti adabwa, koma amayi anangoika supuni pansi n'kundiyang'ana moti ndinalakalaka kulowa pansi pa thebulo. Anati iwo anazindikira kalekale, ndipo si nkhani yoseketsa. Anti ali ndi mwana wamwamuna wogwira ntchito mu ofesi, amene wakhala akuwakakamiza kuti atseke shopu akakhale naye kunyumba kwake, pamwamba pa nyumba yosanja, azikangoonera TV tsiku lonse. Anti amakana, amati akasiya makina adzafa sabata lomwelo. Mwanayo akangomva kuti makutu apita, shopu itsekedwa tsiku lomwelo, ndipo makasitomala enanso athawa poganiza kuti aziwasokera zolakwika. Amayi anamaliza ndi mwambi wawo wa masiku onse, woti ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo ukutsata.

Abambo nthawi yonseyi ankangodya. Atamaliza anapukuta m'manja n'kundifunsa funso limodzi lokha.

"Amawoloka msewu nthawi yanji?"

Zimenezo ndiye ndinkazidziwa bwino. Ndinawauza kuti m'mawa cha m'ma seveni amawoloka kuchokera kokwerera minibasi kupita kushopu, ndipo masana amawolokanso kukagula buledi. Anagwedeza mutu.

"Chabwino. Nkhani iyi ithere pathebulo pano, mwanawe. Wamva?"

Ndinalonjeza. Kunena zoona sikunali kovuta kusunga nthawi imeneyo, chifukwa sabata lomwelo mwana wa bambo wogulitsa nyama anathawa ndi wokonza mafoni, ndiye ndinali ndi ntchito yambiri.

Panapita miyezi. Linali Lachiwiri m'mawa, ine ndi anzanga awiri tili m'mbali mwa msewu pakona paja, tikupita kusukulu. Minibasi inaima pakona penipeni, malo oletsedwa, kondakitala akukuwa kuitana anthu. Ndinaona galimoto ya abambo ikubwera, kumbuyo kwake kuli ya a Liwiro, zonse zodzaza. Ndinakweza dzanja kuti ndiwabayibitse. Nthawi yomweyo Anti Telala anatulukira kutsogolo kwa minibasi ija, atanyamula mpukutu waukulu wa nsalu paphewa, ndipo mpukutuwo unawatchinga mbali yomwe kunkachokera magalimoto. Phazi limodzi linali litaponda kale phula.

Dalaivala wina aliyense akanangoti pii, munthu n'kubwerera m'mbuyo, galimoto n'kudutsa, tsiku n'kupitirira. Ndi mmene zimakhalira pakona paja kakhumi pa ola. Abambo sanakhudze hutala. Anaponda buleki ndi mphamvu zawo zonse. Matayala analira, galimoto inagwada kutsogolo, ndipo m'kati mwake munamveka phokoso loti phwaa, lalitali, ngati mvula yamatalala padenga. A Liwiro kumbuyo anatsala pang'ono kuwagunda, ndiye anagonera hutala yawo ya sitima ija. Tonse tinalumpha. Mnzanga anagwetsa chikwama, kondakitala anadzimenya mutu pachitseko, galu wa pasitolo ya buledi anathawa. Anti okha anangopitiriza kuyenda mwakachetechete. Atafika pakati pa msewu anaona galimoto yoyera itaima, anakweza dzanja kuthokoza ngati mmene munthu amachitira akapatsidwa njira, n'kukalowa m'shopu mwawo.

Abambo anatsika. Sanathamangire kumbuyo kukaona katundu. Anaima kaye n'kumayang'ana msana wa Anti mpaka utalowa pakhomo. Kenako m'pamene anatsegula chitseko chakumbuyo. Lamba mmodzi anali ataduka, mathileyi atagwerana, ndipo madzi achikasu ankayenderera kuchokera m'galimoto kugwera paphula. Pafupifupi theka la katundu linali litasweka. A Liwiro anatsika akukalipa, akuloza chiwongolero cha abambo, akufunsa ngati pakati pakepo pali minga. Anthu anaunjikana. Abambo anandiona m'gulumo, n'kungondiuza ndi maso kuti ndizipita kusukulu.

Tsiku limenelo m'kalasi sindinamve kanthu. Nditaweruka ndinapeza abambo ali kale pakhomo, masanasana, chinthu chimene sindinachionepo. Ndinanamizira kutsuka mbale pafupi ndi zenera kuti ndimve zimene ankauza amayi, ndipo zotsalazo anandiuza mkazi wa mlonda wa kukampani, amene timagwirizana.

Akuti a Liwiro ndi amene anayamba kufika n'kuuza abwana kuti mayiyo anali patali, akanangomulizira hutala akanabwerera, koma Abusa anasankha kuswa mazira. Abwana analowa okha m'galimoto ya abambo n'kudina hutala kuti aone ngati inafa. Inalira bwinobwino. Ndiye anafunsa ngati anthu opanga galimoto anaiikamo ngati duwa. Abambo anayankha kuti hutala sikanathandiza. Abwana anafunsa chifukwa chake. Anafunsanso kachiwiri, kachitatu, abambo ali chete, chipewa chili m'manja. Abwana anapsa mtima, anati atopa ndi masitolo odandaula kuti mazira amafika mochedwa, ndiye lero afika osweka. Anawauza kuti asiye makiyi pathebulo, abwere Lachisanu teni koloko ndi chifukwa chomveka. Akapanda kubwera nacho, galimoto aipereka kwa munthu wodziwa ntchito ya hutala.

Amayi, omwe aja anandikalipira chifukwa cha nkhani ya Anti, tsopano anatembenuka. Anati chetechete sautsa nyama, akangowanong'oneza abwana okha basi, palibe wina angamve. Abambo anati ofesi ya abwana ili ndi makutu ambiri kuposa msika, ndipo a Liwiro akamva m'mawa, pofika masana makondakitala onse aziwakuwiza Anti mumsewu. Amayi anafunsa ngati tizidya ulemu. Abambo anati:

"Amayi ake, mazira ndi a abwana, ntchito ndi yanga. Koma makutu ndi a eni ake. Sindingagulitse chinthu chosakhala changa."

Atatero anatembenukira kuzenera, kumene ine ndinkatsuka mbale imodzimodzi kachisanu.

"Iwenso Wailesi, ukumva?"

Ndinati ndikumva.

Abale inu, masiku amenewo ndinavutika. Lachitatu m'mawa nkhani inali itayenda kale msewu wonse, koma yopindika. Mayi a mapasa, oyandikana nafe nyumba, anandipeza ndikuyanika zovala n'kuyamba kundimvera chisoni chabodza. Anati amva kuti Abusa anagona pachiwongolero. Anati ena akuti maso ayamba kuwavuta, ukalamba sunama. Anatsitsa mawu n'kuwonjezera kuti enanso akuti ankayang'ana mtsikana wa pasitolo ya buledi, koma iwo sakukhulupirira, ngakhale amuna ndi amuna. Kenako anandiyang'ana, akudikira, chifukwa amadziwa kuti ine ukangondikhudza pang'ono ndimalira ngati hutala ya a Liwiro.

Yankho linali pa lilime penipeni. Mawu anayi okha, Anti Telala samva kanthu, ndipo mayi a mapasa akanameza mabodza awo onse. Ndinaluma chopanira zovala ndi mano mpaka chinasweka. Ndinati sindikudziwa, n'kulowa m'nyumba. Anandikuwira kumbuyo kufunsa ngati wailesi yatha mabatire.

Kusukulu nakonso anzanga ankandizungulira pa nthawi yopuma. Wina anati abambo ake amva kuti Abusa achotsedwa ntchito chifukwa choopa hutala. Ndinapita kukakhala m'chimbudzi mpaka belu litalira. Koma chimene chinandipweteka kwambiri chinali kunyumba. Abambo ankadzukabe faifi koloko, n'kupukuta nsapato zawo zakuntchito, kenako n'kukumbukira, n'kuzibwezera pansi pa bedi. Anakonza mpando umene unathyoka chaka chatha. Anakonza chitseko cha kabati. Anasesa pabwalo kawiri. Nthawi ndi nthawi dzanja lawo linkapita m'thumba lakumanja kukafuna makiyi, n'kubwerako lopanda kanthu.

Lachinayi masana ndikuchokera kusukulu, ndinaima pakona paja. Paphula panali pakadali banga, ntchentche zili ng'waa. Kudzera pakhomo la shopu ndinaona Anti akupalasa makina, mutu uli pansi, osadziwa chilichonse. Pamenepo m'pamene nzeru inandifikira. Ndinalonjeza kuti sindiuza anthu chinsinsi cha Anti. Koma kuuza mwini wake chinsinsi chake chomwe, kodi ndi miseche? Ndinaganiza mbali zonse n'kupeza kuti si miseche. Ndinalowa kuseri kwa sitolo ya buledi, n'kumasula dala mpendero wa siketi yanga kuti ndikhale ndi cholowera.

Anti anandiona pagalasi lawo lija. Anayang'ana mpendero, anandiyang'ana ine, n'kunena kuti ulusi wawo sumasuka wokha chonchi. Ndinadikira kasitomala amene analimo atuluke. Kenako ndinakhala pampando moyang'anana nawo, maso ndi maso, n'kuyamba kufotokoza pang'onopang'ono, ndikutsegula pakamwa bwinobwino. Ndinawakumbutsa za Lachiwiri, za mpukutu wa nsalu, za galimoto yoyera. Anati akukumbukira, anali Abusa, munthu waulemu, anawapatsa njira. Ndinawauza za mazira. Ndinawauza za makiyi ndi za Lachisanu. Pofika pa funso la abwana, mawu anandithera, ndiye ndinatenga choko chawo cholembera pansalu n'kulemba pathebulo: SANALIZE HUTALA CHIFUKWA ANKADZIWA KUTI SIMUKANAMVA. AKUKANA KUUZA ABWANA.

Anti anawerenga. Anavula magalasi, anawapukuta, anawerenganso. Nkhope inasintha, ine n'kuyamba kuyang'ana kukhomo kuti ndithawire kuti.

"Wawauza ndani abambo ako?"

Ndinadziloza pachifuwa.

"Ndiye msewu wonse ukudziwa."

Ndinapukusa mutu kwambiri mpaka khosi linandiwawa. Ndinawaonetsa zala zitatu: ine, amayi, abambo. Ndinawauza kuti papita miyezi isanu ndi itatu.

"Iwe? Miyezi eyiti?" Anandiyang'ana ngati ndawauza kuti mphaka wasunga nsomba. Kenako anafufuta mawu aja ndi chikhatho, anandivula siketi n'kundipatsa nsalu yoti ndifunde, n'kuyamba kusoka mpendero. Anasoka mpaka kumaliza. Akudula ulusi ndi mano anafunsa kuti Lachisanu nthawi yanji. Ndinawaonetsa zala zonse khumi.

Lachisanu sindinapite kusukulu, aphunzitsi akawerenga izi andikhululukire. Abambo anavala malaya oyera n'kunyamuka wapansi, osadziwa kanthu. Amayi okha ndinawatsina khutu, ndipo kwa nthawi yoyamba m'moyo wanga sanandikalipire, anangondikonza kolala. Ine ndi Anti tinakwera minibasi. Anali atavala diresi lawo labuluu la mabatani a golide, chikwama chili m'khwapa, shopu atatseka ndi loko tsiku la ntchito.

Kukampani kuli bwalo lalikulu la konkire, lonunkha chakudya cha nkhuku. Mbali ina kuli shedi momwe amayi ovala maovolosi amasankha mazira, mbali ina kuli ofesi. Mlonda anatilowetsa chifukwa amandidziwa. Tinapeza abwana ataima pakhomo la ofesi, makiyi a abambo akuwazunguza pachala. Abambo anali ataima pansi pa masitepe, chipewa m'manja. A Liwiro anali atatsamira galimoto ya abambo ngati yakhala kale yawo. Tinamva abwana akufunsa ngati abwera ndi chifukwa, abambo n'kuyankha kuti chifukwa chilipo koma sangachinene.

Abambo atationa, nkhope yawo inagwa. Anandiyang'ana ine, ndipo ndinadziwa zimene ankaganiza. Koma Anti sanawapatse mpata. Anayenda mpaka pamaso pa abwana n'kulankhula mokweza, moti amayi a m'shedi anasiya ntchito.

"Bwana, ine ndi amene ndinakusweretsani mazira. Sindinabwere kudzakangana. Ndingopempha chinthu chimodzi. Pa magalimoto anu onsewa, ya hutala yaikulu ndi iti?"

Abwana anadabwa, koma analoza ya a Liwiro. Anti anapita kukaima kutsogolo kwa galimotoyo, masitepe atatu okha kuchoka pabampala, n'kuifulatira. Anati dalaivala wake alowe alize mmene angathere, ngati mmene akanachitira Lachiwiri lija. A Liwiro anaseka, anati mayi mugwa nayo iyi. Abwana anawakodola kuti alowe.

Analiza. Abale, pamsewu imalira, koma m'bwalo la mpanda inachita kunjenjemeretsa malata. Amayi a m'shedi anatseka makutu. Nkhunda zonse zinauluka padenga. Galu wa mlonda analowa pansi pa lole. Abwana eni ake anagwetsa makiyi. A Liwiro anasiya, analizanso, katatu, kanayi, komaliza anagonerapo ndi chigongono mpaka nkhope inachita thukuta. Anti anali chiimire. Anaona kaulusi pamkono wa diresi lawo, anakachotsa, anakauzira. Hutala itasiya, m'makutu mwathu mukulirabe, anadikira pang'ono, kenako anatembenuka.

"Nanga simuyamba? Ndasiya madiresi a ukwati kushopu."

Mayi wina m'shedi anayamba kuseka, koma anasiya msanga ataona kuti palibe womuthandiza. Anti anabwerera kwa abwana n'kuwauza, tsopano motsitsa mawu, kuti makutu awo anapita zaka zitatu zapitazo, ndipo akhala akubisa pa zifukwa zawo. Anati Lachiwiri lija sanaone galimoto chifukwa cha nsalu, ndipo sakanaimva ngakhale ikanalira ngati lipenga la tsiku lomaliza.

"Bamboyu akanadalira hutala, lero simukanafunsa za mazira. Mukanafunsa kuti maliro ali kuti."

Abwana anatola makiyi pansi. Anayang'ana abambo nthawi yaitali n'kufunsa ngati ankadziwa. Abambo anati ankadziwa. Anafunsa chifukwa chake sananene, mpaka kulolera ntchito ya zaka zonsezi ithe.

"Sinali nkhani yanga, bwana."

Abwana anatsika masitepe onse n'kupereka makiyi ndi manja awiri. Ndinaona ndi maso angawa, manja awiri, ngati mwana akupereka madzi kwa mlendo. Kenako anatembenukira kwa a Liwiro n'kuwauza kuti pofika madzulo sitima ija ikhale itachoka m'galimoto ya kampani, mlamu kapena ayi. Anauzanso wosunga katundu kuti agule malamba atsopano, chifukwa zinadziwika kuti abambo anali atadandaula kawiri konse kuti akale aja atha. Pomaliza anafunsa kuti, nanga Abusa, inu munadziwa bwanji zimene msewu wonse sunkadziwa? Abambo anandiloza ndi chibwano.

"Tili ndi wailesi kunyumba, bwana. Imagwira masiteshoni onse. Koma ndaona kuti imathanso kuzima."

Sindingathe kulemba mmene ndinamvera. Ndinangoona kuti ndatalika kuposa mpanda wa kampani. Amayi a m'shedi ankandiyang'ana, mlonda ankagwedeza mutu, ndipo ine, amene sindisowa chonena, ndinangoima n'kumakoka mpendero wa siketi.

Abambo anafuna kupepesa kwa Anti chifukwa chinsinsi chawo chaululika. Anaima kutsogolo kwawo kuti awaone pakamwa. Anti anawadula, anati chinsinsi chimene chatsala pang'ono kupha mwini wake n'kuchotsetsa munthu ntchito chakwana, chipume. Anati mwana wawo akamuuza okha Lamlungu asanamve kwa ena. Tili m'minibasi pobwerera anandigwira bondo n'kunena kuti tsopano wailesi itsegulidwe, ndipo ndiyambe ndi madalaivala a minibasi, adziwe kuti pakona paja pamawoloka munthu amene hutala siimukhudza.

Ntchito imeneyo ndiye sindinachedwe nayo. Ndinayamba ndi dalaivala wa minibasi yomweyo tisanatsike. Pofika Loweruka masana ometa tsitsi ankadziwa, okonza matayala ankadziwa, a njinga zamoto ankadziwa, ngakhale mkazi wachiwiri wa dokotala wa mano anamva. Ndinkafotokoza zonse, mpaka nkhunda ndi galu wa mlonda, ndipo pofika pa mawu oti nanga simuyamba, ndinkatembenuka ngati mmene Anti anachitira.

Mwana wawo wa mu ofesi uja anabweradi, ndipo anakangana kuyambira masana mpaka dzuwa kupendeka, ine ndili pasitolo ya buledi kugula buledi mmodzi kwa maola awiri. Shopu sinatsekedwe. Makasitomala awiri atatu anasiya kubwera, koma ena tsopano amangolemba zofuna zawo papepala. Mwanayo anawagulira kachipangizo koika kuseri kwa khutu kothandiza kumva. Tsiku loyamba kukavala anatuluka nako pakhomo la shopu, anaima mphindi imodzi akumva mahutala a msewu wathu, n'kukavula. Anati sankadziwa kuti anthu anafika pamenepa. Masiku ano amakavala powoloka msewu basi, ndipo akaiwala kukavula amakachotsa akangoona mayi a mapasa akulowa.

Sindinama kuti msewu wathu wasintha. Mahutala akadalipo. Koma pakona paja minibasi zambiri zimachepetsa liwiro, ndipo ndinamva kondakitala wina akuuza dalaivala wake kuti apa m'pa Anti, ponda. A Liwiro dzanja limathamangirabe pakati pa chiwongolero, koma hutala imene anabwezeramo imalira ngati mwana wa mbuzi, ndiye amachita nayo manyazi. Abambo akamadutsa cha m'ma seveni amaima, amaphethiritsa nyali kawiri, Anti amakweza dzanja n'kuwoloka. Akumbuyo akaliza, abambo amangoyang'ana pagalasi n'kudikirabe mpaka Anti atakwera mbali inayo ndi mapazi onse awiri. Ine ndikakhala pamenepo ndi anzanga ndimanena mokweza kuti awo ndi abambo anga, ngakhale onse amawadziwa.

Mayi a mapasa tsopano akuuza aliyense kuti iwo ankadziwa kuyambira pachiyambi kuti Abusa sangaswe mazira popanda chifukwa, ndipo sananenepo zoti anagona kapena zoti ankayang'ana mtsikana wa pasitolo ya buledi. Ananena. Ndinalipo, chopanira zovala chosweka chija ndikadali nacho. Ndipo nkhani imeneyo palibe anandiuza kuti ndiisunge.